Botolo la Vitamini K

1. Simenti ya m'chifuwa

Dzina lakuti Kachala anamupatsa ndi anzake a kusukulu. Mphunzitsi asanamalize n'komwe kufunsa funso, chala cha mtsikanayu chinkakhala chili kale m'mwamba. Dzinalo linamutsatira mpaka kunyumba, moti ngakhale makolo ake ankamuitana choncho. Iye sankadandaula. Anali Fomu 3, ankakhoza sayansi kuposa aliyense m'kalasi mwake, ndipo ankadziwa kuti amakhoza.

Bambo ake anali ometa tsitsi. Anali munthu wanthabwala, wa mimba yaikulu ndi manja opepuka. Kwa zaka zingapo mtima wawo unkagunda modumphadumpha, choncho madzulo aliwonse ankamwa kapilitsi kotchedwa wafarini, koletsa magazi kuundana msanga. Koma chaka chimenecho anayambanso kutopa. Akangokwera kachitunda kopita kushopu, ankafika ali wefuwefu, dzanja lili pachifuwa.

Tsiku limene anabwera kuchokera kokajambulitsa mtima, anakhala pampando wawo wa pafupi ndi zenera n'kuyamba kuvula nsapato pang'onopang'ono.

"Akuti chiyani kuchipatalako?" anafunsa amayi ake Kachala, ataima pakhomo la khitchini.

"Akuti ndayamba kumanga nyumba ya simenti m'chifuwamu," anayankha bambowo. "Popanda ndi pulani yomwe."

"Inu abambo, nkhani ya moyo imeneyi. Siyani kaye nthabwala."

Bambowo anasiya kuseka. Anafotokoza kuti kashiamu, amene amayenera kulimbitsa mafupa, anali atayamba kumatirira m'makoma a mitsempha ya mtima wawo. Mitsemphayo inali ikuuma, ndipo njira ya magazi inali ikuchepa. Adokotala anawauza kuti achepetse mchere, asiye nyama yamafuta, aziyenda pansi tsiku lililonse, ndiponso anawawonjezera mankhwala ena ochepetsa mafuta m'magazi.

"Nanga kashiamuyo amuchotsa bwanji?" anafunsa Kachala.

"Zochotsa sananene, mwana wanga. Anena zoti asawonjezeke."

Yankho limeneli silinamufike pamtima Kachala. Kwa iye, funso lililonse linali ndi yankho lake, bola munthu alifunefune.

2. Belu linalira msanga

Sabata yotsatira, mphunzitsi wa sayansi anayamba mutu wa mavitamini. Atangolemba chilembo cha K pabolodi, chala chija chinakwera.

"Aphunzitsi, n'chiyani chimachititsa kuti kashiamu alowe m'mitsempha ya magazi?"

Kalasi yonse inang'ung'udza. "Wayambatu," anatero mnyamata wina kumbuyo.

Mphunzitsiyo anaika choko pansi. "Funso labwino. Kashiamu si mdani. Popanda iye, mafupa ndi mano sizingalimbe. Vuto limabwera akakhazikika pamalo posayenera. Zimene zimathandizira vutoli n'zambiri: ukalamba, fodya, shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a impso. Koma m'makoma a mitsempha yathu muli mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi kuletsa kashiamu kuti asamatirire mmenemo. Tinene kuti ndi alonda. Alonda amenewa sagwira ntchito popanda vitamini K. Akamusowa, amangokhala ngati agona."

"Vitamini K amapezeka kuti?"

"M'masamba obiriwira monga sipinachi ndi kabichi. Mtundu wina wa vitaminiyu umapezeka m'mazira, m'chiwindi ndi mu tchizi."

"Ndiye kuti munthu atamwa vitamini K wambiri, kashiamu uja angachoke?"

"Pamenepo usathamange, Kachala. Asayansi akufufuzabe. Komanso vitaminiyu ali ndi ntchito ina yaikulu m'magazi, imene aliyense ayenera kuidziwa asanayambe..."

Belu linalira. Mipando inakhuluka, ana anathamangira kukhomo, ndipo mphunzitsiyo anangokweza mawu kuti, "Tidzapitiriza phunziro likubwerali!"

Kachala anatuluka nkhope ili ngwee. Anali atamva za alonda ogona. Zotsalazo anaona ngati n'zokometsera chabe.

3. Munthu wa chikwama

Lachisanu ataweruka, anadzera kushopu kwa bambo ake kuti akatenge makiyi a kunyumba.

Shopuyo inali pamsewu waukulu, pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Munali magalasi awiri, benchi yodikirira, ndi zithunzi zofwifwa za masitayilo a tsitsi amene palibe ankawafunanso. Munkamveka fungo la sipiriti ndi paudala. Makina ometera ankalira, wailesi nayo ikulira, makasitomala akukangana za mpira.

Pampando wometera panali bambo wina wa suti yonyezimira. Chikwama chake chachikopa sanalole kuchiika pansi. Anachifungatira pamiyendo, pansi pa nsalu yometera. Anthu a m'dera limenelo ankamutchula kuti a Mabotolo, chifukwa ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa mavitamini.

"Ndamva za vuto lanu, akulu," ankatero a Mabotolo. "Musavutike. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Malumo ndili nawo ambiri muno, achimwene," anayankha bambo ake Kachala. Anthu a pabenchi anaseka.

"Sindikuseka ine. Muno muli vitamini K wamphamvu. Amatsuka mitsempha mpaka kuyera mbee. Kashiamu yense amasungunuka. Mabanja ambiri m'dera lino akumwa kale."

Kachala anatchera khutu.

Bambo ake anazimitsa makina n'kuyamba kupukuta khosi la kasitomalayo ndi burashi. "Achimwene, mutu wanu ndimeta nthawi iliyonse, koma thupi langali ndalipereka kwa a chipatala. Mapanga awiri avumbwitsa. Mankhwala a m'chikwama ine sindimwa."

A Mabotolo anangomwetulira. Koma Kachala atatuluka ndi makiyi, anawapeza akumudikira pafupi ndi khonde la telala.

"Iwe ndiwe mwana wa ometawa, eti? Uja amati ngwanzeru kusukulu?"

"Ndine."

"Ndiye werenga wekha apa." Anamuonetsa botolo loyera la chivindikiro chobiriwira. Panali chilembo chachikulu cha K ndi chithunzi cha mtima wofiira. "Bambo akowo ndi amakani, ngati akuluakulu onse. Koma iwe ndiwe wophunzira. Kodi kusukulu sanakuuzeni zimene vitamini ameneyu amachita m'mitsempha?"

"Anatiuza. Amadzutsa mapuloteni oletsa kashiamu."

"Waona! Ukudziwa kuposa ine. Tenga ili, n'laulere. Uziphwanya mapilitsi n'kuthira mu tiyi wawo m'mawa. Sawawa, sanunkha. Iwo asadziwe kanthu. Akadzayamba kuthamanga ngati mnyamata, udzawauze kuti anawachiritsa ndi mwana wawo."

Kachala analandira botololo n'kulibisa pakati pa mabuku. Panjira yonse ankayenda ngati munthu amene wapeza yankho anzake onse akukandabe mitu.

4. Kapu ya tiyi

M'mawa wa Loweruka amayi ake analawirira kumsika, kumene ankagulitsa nsalu. Anasiya phala la bambo pamoto n'kumuuza Kachala kuti awathirire ndi tiyi yemwe.

Kachala anatseka chitseko cha khitchini. Anatulutsa mapilitsi m'botolo muja, n'kuwaphwanya pa sosala ndi kumbuyo kwa supuni mpaka anasanduka ufa. Anathira ufawo m'kapu ya bambo ake, ija yothyoka chogwirira, n'kutakasa bwinobwino. Tiyiyo sanasinthe mtundu.

Anawapeza atamaliza phala, akumanga zingwe za nsapato. Anaika kapu patsogolo pawo ndi manja awiri.

"Zikomo, mayi wanga," anatero bambowo. Anaikoka kapuyo n'kuuzira nthunzi. "Ukudziwa, Kachala, kudwala n'kovuta. Kuchipatala andiletsa mchere. Amayi ako andiletsa nyama. Kushopu aliyense wasanduka dokotala. Wina akuti ndimwe ichi, wina akuti nditafune icho. Chilichonse chimene munthu wandipatsa masiku ano ndimayamba ndachinunkhiza. Chatsala chimodzi chokha chimene ndimalandira osafunsa: tiyi wa mwana wangayu. Ameneyu ndikhoza kumwa nditatsinzina."

Ndipo anatsinzinadi, moseka, akukweza kapu kupita nayo kukamwa.

"Dikirani, bambo!"

Kachala anagwira kapuyo mwamphamvu moti tiyi wina anatayikira patebulo.

"Iwe, kwagwanji?"

"Ndathiramo zosayenera. Ndikupangirani wina."

"Wathira mchere m'malo mwa shuga? Ndiye ukufuna kundipha ndi zomwe andiletsazo?" anaseka bambowo.

Kachala sanaseke. Anakakhuthula tiyiyo musinki, n'kutsuka kapu ndi sopo, n'kupanga wina. Sikuti anali atasiya kukhulupirira botolo lija. Koma m'kalasi sankabisa yankho akalidziwa. Nanga yankho ili linkafuniranji chitseko chotseka?

Bambo ake atangonyamuka, iye anavala nsapato, n'kutenga botolo lija.

5. Mawu a amayi a ku famase

Famase imene bambo ake ankagulako mankhwala inali kuseri kwa siteji ya basi. Mwini wake anali mayi wachikulire wa imvi mutu wonse, wovala magalasi a chingwe. Ankamudziwa Kachala kuyambira ali wakhanda.

Kachala anadikira kuti kasitomala womaliza atuluke, kenako anaika botolo pakauntala.

"Amayi, ndikufuna kudziwa mlingo woyenera wa mankhwala awa. Ndi a bambo."

Mayiwo anakweza magalasi n'kuwerenga. Nkhope yawo inasintha.

"Bambo ako ometa aja? Amene amamwa wafarini?"

"Eya."

"Amwapo?"

"Ayi. Ndinathira mu tiyi, koma ndinataya asanamwe."

Mayiwo anapuma mozama. Anatsegula kachitseko ka kauntala n'kumulozera mpando. "Lowa, ukhale apa. Ndiuze zonse."

Kachala anafotokoza za kashiamu, za alonda ogona, ndi za a Mabotolo. Anafotokoza mwadongosolo, ngati akuyankha mayeso.

"Zimene unaphunzirazo n'zoona," anatero mayiwo. "Koma wanyamula theka la nkhani, ndipo pa zamankhwala theka limapha msanga kuposa umbuli. Tamvera tsono theka linalo.

"Vitamini K ali ndi ntchito ziwiri. Ija ya m'mitsempha waidziwa. Inayo ndi yothandiza magazi kuundana. Ukadzicheka ndi mpeni magazi n'kusiya kutuluka, vitamini K wathandizapo. Kwa iwe zimenezo n'zabwino. Koma mtima wa bambo ako sugunda mwadongosolo. Magazi amatha kuchedwa m'kati mwake n'kupanga kachibuma. Kachibuma kameneko kakayenda n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amagwa. Ukamudzutsa, wafa mbali imodzi, pakamwa papotoka, dzanja silikugwira. Ndiye sitiroko imeneyo. Dzanja la wometa likafa, banja lidya chiyani?

"Wafarini amawateteza ku zimenezi, ndipo amagwira ntchito pochepetsa mphamvu ya vitamini K yemweyu. N'chifukwa chake bambo ako amapita kukayezetsa magazi kawirikawiri, kuti adokotala aone ngati mlingo uli pakatikati. Mankhwala akachuluka, munthu amataya magazi. Akachepa mphamvu, magazi amaundana. Iwe ukanathira mapilitsi awa m'mawa uliwonse, ukanafooketsa wafarini yense. Bambo ako akanamamwa mankhwala awo mokhulupirika, osadziwa kuti chitetezo chapita. Adokotala nawo akanadabwa ndi zotsatira za magazi, osadziwa chimene chasintha, chifukwa chinsinsi chili m'chikwama cha mwana wasukulu."

Kachala anayang'ana pansi.

"Ndipo usaganize kuti ukanapindula kanthu," anapitiriza mayiwo. "Ofufuza ayesa kupatsa anthu mapilitsi a vitamini K. Ena apeza kuti mwina kashiamu amachedwa kuwonjezeka, ena sanapeze kusiyana kulikonse. Palibe amene waonetsa kuti amasungunula kashiamu amene wakhazikika kale. Munthu akakuuza kuti botolo lake limatsuka mitsempha mbee, akugulitsa mawu, osati mankhwala. Ine ndakalambira pakauntala pano. Anthu amene ndawaona akuvulala kwambiri si opusa ayi. Ndi anzeru, achikondi, amene anamva chinthu choona n'kuthamanga nacho osafunsa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, mwana wanga."

"Ndiye bambo asiye kudya masamba?"

"Ayi! Masamba ndi abwino ku mtima. Azidya, koma mofanana tsiku ndi tsiku. Osati lero mbale yodzaza, mawa osakhudza n'komwe. Akafuna kuwonjezera, auze adokotala, kuti mankhwala awalinganize ndi zimene akudya."

Kachala anagwedeza mutu. Kenako, mosazindikira, chala chake chinakwera. Mayiwo anaseka. "Muno si m'kalasi. Funsa."

"Ngati wafarini amachepetsa mphamvu ya vitamini K, ndiye kuti amagonetsanso alonda aja. Kodi sangakhale akuthandizira kuti kashiamu achuluke mwa bambo?"

Mayiwo anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. "Limenelo ndiye funso. Madokotala nawo amalifunsa, ndipo pali kafukufuku amene akusonyeza kuti zikhoza kutero. Alipo mankhwala ena oletsa magazi kuundana amene salimbana ndi vitamini K, koma sayanjana ndi wodwala aliyense. Amene angaweruze ndi dokotala amene akuudziwa mtima wa bambo ako. Asasiye wafarini ngakhale tsiku limodzi pa okha. Ulendo wotsatira upite nawo, ukafunse funso limenelo pamaso pa adokotala. Nzeru zako zigwire ntchito poyera, osati kukhitchini chitseko chili chotseka."

Anamubwezera botolo lija. "Ili ukawaonetse makolo ako lero lomwe. Ndipo kumbukira: munthu wa wafarini akamwa mapilitsi ngati awa, asadikire tsiku limene anapatsidwa. Apite akayezetse magazi tsiku lomwelo, atanyamula botolo lake."

6. Patebulo

Chiyambire kudwala, bambo ake anasiya kudya zokazinga za pamsewu ndipo ankabwera kudzadya kunyumba masana. Amayi nawo ankatsekako kaye kumsika. Onse atasamba m'manja, Kachala anaimirira n'kuika botolo pakati pa tebulo.

"Bambo, amayi, ndili ndi mlandu."

Sanazungulire. Ananena za a Mabotolo, za supuni ndi sosala, za tiyi amene anataya. Kenako anabwereza zonse zimene anamva ku famase, osasiyapo kanthu: ntchito ziwiri za vitamini K, kachibuma ka magazi, sitiroko.

Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto. Anatenga botololo n'kulitembenuza m'manja.

"Ndiye mchere uja unali umenewu," anatero. Panalibe amene anaseka. "Tamvera, mwana wanga. Pantchito yanga munthu amakhala pampando, n'kupendeketsa mutu, ine n'kumuika lumo pakhosi. Sandifunsa kanthu. Tsiku limene ndingachite pamutu pake chinthu chimene sanandilole, ngakhale nditaona kuti chimukhala, shopu ija yatha. Thupi la munthu ndi lake. Ungamukonde bwanji, sumulowetsa chinthu m'thupi iye asakudziwa. Unalakwa kuthira. Koma unataya, unakafunsa, ndipo waima pano n'kunena wekha. Akuluakulu ambiri zimenezi zimawakanika. Kuchipatala tidzapitira limodzi, ukafunse funso lakolo. Ndikufuna ndidzaone nkhope ya adokotala chala chimenecho chikadzakwera."

Kachala anamva ngati wamutula katundu pamutu. Anatembenukira kwa amayi ake, akuyembekeza kukalipiridwa.

Koma amayiwo sanamukalipire. Chakudya chawo chinali chosakhudzidwa. Maso awo anali pa chivindikiro chobiriwira chija.

"Kachala," anatero ndi mawu otsika, "wati munthu wa wafarini akamwa amenewa, chimachitika n'chiyani?"

"Magazi akhoza kuundana, amayi."

Amayiwo anadzuka n'kulowa kukhitchini. Kunamveka kukhuluka kwa zitini pashelefu ya pamwamba. Atabwerera, anali atagwira botolo lina loyera, la chivindikiro chobiriwira, la chithunzi cha mtima wofiira. Analiika pambali pa linzake. Mapilitsi a m'menemo anali atatsala theka.

"A Mabotolo anandipeza kumsika," anatero. "Anati mudzakana, choncho ndisakuuzeni. Ndakhala ndikuthira m'phala lanu, abambo. Ndi la lero lomwe."

Bambowo anayang'ana mkazi wawo, n'kuyang'ana mabotolo awiriwo. Kwa nthawi yoyamba chiyambire matendawa, nthabwala inawasowa.

Kachala ndiye anayamba kusuntha. Anatenga mabotolo onse awiri n'kuwaponya m'chikwama chake, pamodzi ndi paketi ya wafarini imene inali pawindo.

"Amayi, zolira tidzalira pambuyo. Thamangani mukaimitse galimoto pamsewu. Bambo, kushopu simubwererako lero. Tikupita kukayezetsa magazi."

Bambowo anawerama kuti amange zingwe za nsapato. Kachala anaima pakhomo, maso ake ali pa zala zawo, kuona ngati manja onse awiri akugwira mofanana.